Umboni wa Shehe Twaliki pa Msika wa Lachisanu

Dokotala Swaleyi Kandulu anafika pakhomo pa Shehe Twaliki masana a Lachisanu, Swala ya Ijumaa, pemphero lalikulu la Asilamu, itatha kale, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Anatsika m'galimoto atapsa mtima asanalankhule n'komwe ndi munthu.

Si kuti anali dokotala wa jakisoni ayi. Anali wa mabuku, mphunzitsi pa yunivesite ina mumzinda, ndipo ntchito yake inali kufufuza chifukwa chimene malonda amakhalira pamene ali: chimene chimakuza msika pamphambano iyi n'kuupha pa inayo, kumene nandolo amachokera, kumene amathera, ndi amene amanona naye pakati panjira. Anabadwira pa Malikula pomwepo, ndipo zilembo zoyamba za Chiarabu anaziphunzira pamkeka wa Shehe omwewa. Koma zimenezo ndi za kale, imvi zisanamere ndiponso dzina lisanatalike.

Chimene chinamuchedwetsa chinali msika. Kuyambira pamlatho kukafika kumzikiti msewu unali utatsekeka ndi malole a ogula nandolo, akabaza, ngolo, mbuzi, ndi azimayi a tomato amene anayala malonda awo mpaka m'mphepete mwa phula. Galimoto yake inkayenda ngati yonyamula maliro. Azana, mfuu yoitanira anthu ku Swala, anaimvera ali pachiwongolero, akulizira hutala bambo wina wa ngolo amene sanatembenuke n'komwe. Chowawa kwambiri n'chakuti analibe womukalipira, pakuti nzeru yoti msikawo uzichitika Lachisanu inachokera m'kafukufuku wa iye mwini.

Shehe Twaliki anali pakhonde. Anali nkhalamba yowonda, ya mawu otsika, yoti ukakumana nayo panjira ungaiyese mlimi wochokera kudimba. Koma pa unyamata wawo anakhala zaka zambiri kugombe la nyanja ya mchere kum'mawa akuphunzira malamulo a chipembedzo pamapazi a akuluakulu, moti mashehe a magalimoto awoawo akasowa pogwira ankabwera kudzakhala pakhonde lomwelo.

"Asalamu alaikumu, Mwalimu."

"Wa alaikumu salamu. Che Swaleyi! Fikani, fikani, a Dokotala."

Shehe anaimirira movutika, n'kupereka kwa mlendo mpando umodzi wokha umene unalipo, iwo n'kukhala pamkeka. Swaleyi anayesa kukana, koma kukana kwake kunali kofooka, chifukwa mawondo ake anali ataiwala kalekale makhalidwe a pamkeka. Kenaka anayamba malonje. Shehe anafunsa za mayi a kunyumba, za ana mmodzimmodzi, za msana umene unkamuvuta, za mvula ya mumzinda, za mpongozi amene Swaleyi mwiniwake anali atatenga nthawi osamuimbira foni. Panabwera tiyi. Swaleyi ankangoti "Alhamdulillah, ali bwino," uku phazi likugunda pansi. Anabwera ndi nkhani yomuwotcha pamtima, ndipo nkhalamba inkafuna kudziwa za msana.

Nkhaniyo inali ya upulofesa. Anaupempha kangapo, kangaponso anamubweza. Tsopano nthawi yopuma pantchito inali itayandikira, ndipo ulendo uno unali womaliza. Akamukananso, adzapuma ali Dokotala chabe, n'kumapatsa ulemu anthu amene iye anawaphunzitsa kugwira mapu osazondotsa. Zimenezi zinkamudya mumtima kuposa mmene akanavomerera pagulu.

Mpata utapezeka, anaika kapu pansi.

"Mwalimu, ine ndatopa. Kuntchito kwathu munthu samuyeza ndi zimene akudziwa. Amamuyeza ndi kuchuluka kwa anthu amene amutchula. Ukalemba pepala la kafukufuku, ophunzira anzako akamalemba awo amati, 'monga ananenera Kandulu.' Ndiye pali makina a kompyuta amene amawerenga kuti dzina lako latchulidwa kangati padziko lonse lapansi. Akakutchula ambiri, ndiwe katswiri. Akakutchula ochepa, ndiwe munthu wamba, ngakhale utatha nsapato kuyenda m'misika yonse ya dziko lino. Pali mnzanga wina, mwana wa dzulodzuloli, ndinamuphunzitsa ndekha. Iye amalemba za madoko a kunja kumene sanapondeko n'komwe, amangotola manambala pa intaneti ali khale mu ofesi. Zimenezo azungu amazikonda, amamutchula usana ndi usiku. Lero ndi Pulofesa! Ine ndimalemba za nandolo wa pa Malikula. Ndani kunjako angatchule nandolo?"

"Amwenye amamudya ndithu," anatero Shehe mofatsa.

"Amamudya, koma samutchula!"

Shehe anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za matenda achilendo. Anamwako tiyi.

"Mundikhululukire, a Dokotala, ndifunse mwaumbuli. Wina akalemba kuti 'Kandulu ananena zoona,' wina n'kulemba kuti 'Kandulu anasokoneza,' makinawo amawasiyanitsa awiriwa?"

"Ayi. Amangowaphatikiza."

"Ndiye kuti wokutsutsani akukuthandizani kukwera pantchito?"

"Ndi zimene ndikunenazo, Mwalimu! Ulembe zopusa zoti dziko lonse likutsutse, mawa ndiwe Pulofesa. Muyeso wanji umenewu?"

"Ndi wodabwitsadi," anatero Shehe. "Ifenso kuno mayina timatchula. Ndikamaphunzitsa ndimati, ichi ndinachimva kwa uje, ujeyo anachimva kwa uje. Koma sititero pofuna kumukweza mwini dzinayo. Timatero kuti chinthucho chikadzapezeka chokhota, anthu adziwe khomo lokagogoda."

Swaleyi anavomera ndi mutu, koma mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo. Ophunzira ali ndi nthenda yawo: mnzawo akamalankhula iwo samvetsera, amangodikira kuti amalize. Iye anaona ngati nkhalamba yapatuka, ndiye anaibwezera mumsewu.

"Chaka chino asinthako pang'ono. Akuti kuwonjezera pa kutchulidwa kuja, aonanso ngati kafukufuku wa munthu wasintha moyo wa anthu kumene anachitikira. Apa ndiye pamene ndingawagonjetse. Mnzanga uja madoko ake sanasinthe moyo wa nkhuku yomwe. Ine ndili ndi msika uwu, aliyense akuuona. Sabata ikubwerayi atumiza anthu awiri kuno kuti adzamve kwa mtsogoleri wodalirika, woti mawu ake sangawakayikire. Ndawapatsa dzina lanu."

"Mwawapatsa kale?"

"Ndawapatsa. Ndinadziwa kuti inu simungandikane."

Ndi mmene amachitira ana a pakhomo: amayamba atenga, kupempha kumabwera pambuyo. Shehe sanaonetse kukhumudwa.

"Sindingakanedi. Munthu akafunsidwa umboni wa zimene anaona, sayenera kubisala. Ndidzawalandira, Insha Allah, ndipo ndidzanena zimene ndaona."

"Mudzati chiyani, Mwalimu? Pepani, ndikungofuna kumva."

"Ndidzati msika wathu uli wa Lachiwiri unali wakufa. Unkagundana ndi msika waukulu wa kuseri kwa phiri, ndipo ogula onse ankathamangira komweko. Nandolo wathu ankatengedwa ndi mavenda pamtengo wachipongwe, mlimi n'kubwerera kunyumba akudzifunsa chimene analimira. Inu mutaunika bwino mayendedwe a malole n'kuwalangiza akuluakulu kuti tsiku lisinthe, ogula a ku Limbe anayamba kufika okha pano. Ndidzati ana amene ankasiyira sukulu panjira tsopano akupitiriza. Ndidzati Abiti Saizi, mkazi wamasiye wa malemu muazini wathu woitana azana uja, wafolera nyumba yake ndi malata chifukwa cha mandasi a tsiku la msika. Zonsezi ndaziona ndi maso anga, ndipo Allah akulipireni zabwino."

Mtima wa Swaleyi unakhala m'malo koyamba tsiku limenelo. Anadandaula kuti sanayatse foni kuti ajambule mawuwo. Nkhalamba inalankhula bwino kuposa mmene iye mwini akanalembera, mpaka malata a mkazi wamasiye! Anayamba kale kumuona mnzake wa madoko uja akumupatsa moni ndi manja awiri.

"Basi, Mwalimu! Zomwezo. Mudzanene zomwezo, musadzawonjezere kanthu."

"Ndisadzawonjezere?"

"Ndikutanthauza kuti zakwanira."

Shehe anayang'ana kumsewu kumene phokoso la msika linkachokera.

"Mukanafika msanga lero, a Dokotala, chowonjezeracho mukanachiona nokha. Mukukumbukira mmene Ijumaa inkakhalira muli mwana? Mzikiti unkadzaza mpaka ochedwa ankayala mikeka panja pansi pa mango. Lero ndalalikira mizere iwiri, ya nkhalamba zokhazokha, ndipo zina mwa izo n'zogontha."

Nkhani imeneyi Swaleyi ankaidziwa, kungoti ankayembekezera kuti nkhalamba, mwa ulemu wake, siikhudza.

"Koma Mwalimu, ndani wawaletsa? Mzikiti uli pompa, msika uli apo. Munthu sangafunditse malonda ake kwa kanthawi n'kudzaswali?"

"Angathe. Ena amatero. Koma inu mayendedwe a malole mukuwadziwa kuposa ine. Ogulawo amafuna anyamuke dzuwa lisanapendeke kuti akafike ku Limbe nkhokwe zisanatsekedwe. Ndiye nthawi imene azana ikulira ndi imene sikelo zimatanganidwa kwambiri. Bambo wakankha matumba ake panjinga kuchokera kuphiri, waima pamzere kuyambira m'mawa, patsogolo pake patsala anthu owerengeka. Akachoka kudzaswali, pobwerera apeza lole yadzaza, nandolo wake abwerere naye kuphiri. Sindikuwaikira kumbuyo. Wosiya Swala, mlandu ndi wake. Ndikungoti yesero limeneli kale panalibe."

Apa Swaleyi anakumbukira mmene Lachisanulo linasankhidwira, ndipo kukumbukirako kunangomuwonjezera ukali. Anali mu ofesi, mapu a chigawo chonse ali pakompyuta. Analowetsamo misewu, milatho, mitunda, mtengo wa mafuta, masiku a misika yoyandikana, zonse mosamala ngati mayi wopeta mpunga. Koma makina sadziwa tsiku lopatulika, ndiye masiku a sabata anawapatsa manambala basi. Kompyuta itayankha kuti pa Malikula pakuyenera nambala yachisanu, iye anawomba m'manja, chifukwa zonse zinagwirizana bwino lomwe. Za Ijumaa zinamubwerera m'mutu pambuyo pake, pepala litalandiridwa kale ndi osindikiza a kunja. Mtima unamugunda pang'ono, koma anadziuza kuti anthu adzaona okha chochita. Nanga munthu angabweze pepala lolandiridwa kunja chifukwa cha ola limodzi?

"Mwalimu, ndi ulemu wonse, zimenezo si za kafukufuku," anatero, mawu atayamba kukwera. "Chilichonse chili ndi gawo lake. Ine ndinafunsidwa za chuma cha malo ano, sindinafunsidwe za mizere ya mumzikiti. Anthu akubwerawa akudzafunsa za malonda. Mwinanso onse awiri si Asilamu n'komwe, za Ijumaa sizidzawakhudza."

"Ngati sizidzawakhudza, mukuopa chiyani?"

Chimene ankaopa Swaleyi ankachidziwa bwino. Anthu amenewo akangomva, adzalemba kuti wofufuzayo sanafunse eni malo, kuti anakonza china n'kuwononga china, ndipo chopweteka koposa, kuti anachita zimenezi kwawo komwe. Nkhani yotere siikhalitsa m'chipinda cha komiti. Pofika mawa lake idzakhala ikusekedwa pa tiyi, mnzake wa madoko uja akuseka koposa onse.

"Munanena nokha," anapitiriza Shehe, "kuti akudzafunsa ngati kafukufuku wanu wasintha moyo wa anthu. Kapena Swala siili m'moyo wa anthu?"

"Mwalimu!" Swaleyi anadzimenya pantchafu. "Chifukwa chiyani aliyense amafuna kundiyeza ndi muyeso wake? Kuntchito akuti sindinatchulidwe mokwanira. Akunja akuti nandolo ndi nkhani yaing'ono. Ndabwera kwathu, kumene ntchito yanga ikuoneka ndi maso, inunso mwatulutsa muyeso wanu! Ndilowere kuti ine?"

Shehe anangomuwonjezera tiyi m'kapu, ndipo zimenezi zinamupsetsa mtima Swaleyi kuposa mawu alionse. Koma anadzigwira. Anakumbukira kuti wabwera kudzapempha, ndipo wopempha sakalipa. Anatsika pampando, mawondo akulira, n'kukhala pamkeka moyang'anizana ndi mphunzitsi wake.

"Ndikhululukireni, ndalankhula mokweza. Inu ndinu bambo anga. Uwu ndi mwayi wanga womaliza, ukandidutsa palibenso wina. Sindikuti mudzaname ayi, Allah andisunge. Zonse mwanena za malole ndi malata ndi zoona. Ndikungopempha kuti mbali inayo mudzaisiye, mudzakhale chete basi. Nkhani ya tsikuli tidzaikonza ndikadzakhala pampando, mawu a Pulofesa amamveka msanga. Moyo wanga wonse ndaupereka ku misika ya anthu osauka, Mwalimu, ndipo palibe amene amanditchula. Kodi n'kulakwa kufuna kuti dzina langa limvekeko kamodzi ndisanapume?"

Misozi inali pafupi, ndipo sinali yachinyengo. Shehe anamuyang'ana nthawi yaitali, mwachifundo, monga ankamuyang'anira kale akalephera phunziro. Polankhula, udokotala anausiya pambali.

"Palibe wokutchula? Mwana wanga, pa Malikula pano palibe munthu wophunzira amene amatchulidwa kuposa iwe. Msika utangosamuka ndinavala mkanjo wanga n'kupita kwa akuluakulu amene anausamutsa, kukapempha kuti ausunthire tsiku lina lililonse. Anandilandira bwino, n'kundiuza kuti, 'Shehe, tsikuli anasankha ndi Dokotala Kandulu, mwana wanu, Msilamu mnzanu. Chikanakhala cholakwika iye akanachiona.' Ndinabwerako ndilibe mawu. Ndikakumana ndi bambo amene wasowa ku Ijumaa n'kumufunsa, amandiyankha kuti, 'Shehe, tsikuli anasankha ndi Che Swaleyi, amene munamuphunzitsa nokha. Akanatisocheretsa?' Sabata ndi sabata dzina lako lili pakamwa pawo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amakutchula mokutsutsa. Onse amatsamira pa iwe.

"Alendo akowo ndidzawauza zonse, zokoma ndi zowawa, chifukwa umboni wotheka ndi bodza lovala bwino. Akakupatsa mpandowo ndidzakondwera nawe, akakumana ndidzamva chisoni nawe. Koma iwe wabwera kudzandidandaulira kuti owerenga okutchula akukuwerengera mochepa. Ine chimene chimandichititsa mantha n'chakuti alipo Wina amene akuwerenga, ndipo Iye saphonya ngakhale mmodzi. Usadikire upulofesa, mwana wanga. Pita ukalembe pepala lina, ubweze tsikuli, anthu awa asanakakutchule pamaso pake."